Mwana amangogwa, kugwetsa zinthu, kulephera kumanga nsapato: momwe mungayendere kuti ayezedwe DCD

Mwana wanga anali ndi zaka 7 pomwe tinamva koyamba dzina la vuto lake, DCD, vuto la kayendedwe ka thupi ndi manja, koma ine ndinayamba kuona kuti penapake sizili bwino ali ndi zaka 4. Zaka zitatu zonsezo zinathera mu mawu a anthu, ena akula asintha, ena anyamata amachedwa ndi kale, ena mumamuchitira chilichonse nde aphunzira bwanji. Ndipo ine ndinkavomera coz ndinkafuna zikhale zoona. Ndikulembera inu makolo anzanga amene mukuona zomwe ndinkaona ine koma simukudziwa poyambira, kuti musataye nthawi ngati yomwe tinataya ife.

Chomwe chinandidzutsa ndi mabatani. Tsiku lina mmawa ndinaima pakhomo la chipinda osamuuza kuti ndilipo, iye atakhala pabedi ndi shati ya sukulu, lilime panja, akukankha batani ndi chala chachikulu koma dzanja linalo silikugwira nsalu kuti bowo litseguke, batani likungoterereka. Anayesa kambirimbiri. Litalowa anapeza kuti walowetsa pa bowo lolakwika, shati yapendekeka, ndiye anangogwetsa manja nkuyamba kulira mosatulutsa mawu. Mwana waulesi salimbana ndi batani limodzi mpaka misozi. Apa mpomwe ndinasiya kumvera za akula asintha.

DCD ndi chani kwenikweni

Dzina lonse ndi developmental coordination disorder, ambiri amangoti dyspraxia. Minofu ya mwana ili bwinobwino, nzeru zake zili bwinobwino, vuto lili pa momwe ubongo umakonzera ndi kuphunzira kayendedwe ka thupi. Mwana wina akaphunzira kumanga zingwe za nsapato manja amazolowera basi, amamanga uku akucheza. Wa DCD nthawi iliyonse zimakhala ngati akuyamba kumene, akuyenera kuganiza sitepe iliyonse, nchifukwa chake amachedwa komanso amatopa msanga. Mudzaona kulemba ngati papalasa nkhuku, kutaya madzi pothira mu kapu, kugunda zitseko ndi matebulo, kulephera kuwakha mpira, kuopa njinga, kuvutika ndi sizasi, zipi, supuni. Ena vuto limakhala la manja kwambiri, ena la thupi lonse, ena zonse.

Si vuto losowa ayi. Pa ana 100 a msinkhu wa sukulu, 5 kapena 6 ali nalo, kutanthauza kuti mu kalasi ya ana 30 mumakhala mmodzi kapena awiri. Limapezeka kwambiri mwa anyamata, komanso mwa ana obadwa masiku asanakwane kapena obadwa ndi sikelo yochepa. Kale ankangoti clumsy child syndrome, dzina loti DCD linalowa mu buku la madokotala a za maganizo la ku America mu 1987, ndipo mu 1994 akatswiri atakumana ku London ya ku Ontario, Canada anagwirizana kuti ndi dzina lomwe azigwiritsa ntchito. Ndikutchula izi chifukwa mudzakumana ndi munthu wonena kuti ndi matenda a masiku ano opeka pa intaneti. Ayi ndithu. Ndipo za akula asintha zija, kafukufuku amaonetsa kuti oposa theka la anawa amakula nalo mpaka ku unyamata ndi ukulu. Daniel Radcliffe uja wa mafilimu ananenapo poyera kuti ali ndi dyspraxia ndipo zingwe za nsapato zimamuvutabe.

Musanapite kwa dokotala, yambani ndi kope

Apa mpomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri chifukwa ulendo wathu woyamba unafera pomwepa. Tinalowa mwa dokotala, ndinati mwanayu amagwaigwa komanso amalemba moipa, adokotala anamuuza ayende kukafika kukhoma nkubwerera, anayenda bwinobwino, anamufunsa dzina ndi zaka anayankha mochangamuka, basi akuti mayi mwanayu alibe vuto. Mphindi zosakwana 10 tinali panja. Sindikuwada ayi, anaona zomwe zinali pamaso pawo. DCD siioneka mwana akamayenda masitepe asanu mu ofesi, imaoneka mmawa povala, pa tebulo, mu kalasi, pabwalo la masewera. Inuyo ndi amene mumakhala kumeneko, ndiye umboni mubweretse ndinu.

Tengani kope, kwa masabata atatu kapena anayi muzilemba zomwe mwaona, tsiku ndi tsiku, mwachidule koma zenizeni. Osalemba kuti ndi wosasamala, lembani kuti Lachiwiri kuvala yunifomu kwatenga mphindi 25 ndipo mabatani ndamumangira ine, Lachinayi wagwa kawiri pa masitepe, homuweki ya mizere isanu yatenga ola ndipo amadandaula kuti dzanja likuwawa. Lembaninso zomwe amathawa, chifukwa ana amenewa ndi ochenjera, akaona kuti chinthu chiwachititsa manyazi amati sindichifuna, mpira ndi wobowa, njinga ndi ya ana. Kukana kumeneko ndi umboni nakonso.

Kenako foni. Jambulani mavidiyo afupiafupi, theka la mphindi kapena mphindi imodzi, akumanga nsapato, akudula pepala ndi sizasi, akuthira madzi, akuthamanga, akuwakha mpira, akulemba. Polemba jambulani thupi lonse osati dzanja lokha, aone momwe wakhalira pampando, momwe wagwirira pensulo, ngati akugona pa tebulo. Muuzeni mwana kuti mukujambula ndi chifukwa chake, ndipo mavidiyo amenewa ndi a dokotala basi, osati a pa WhatsApp kapena Facebook. Tenganinso makope a kusukulu, la chaka chatha ndi la pano, aone ngati zolemba zikusintha.

Kumbukiraninso mbiri yake kuyambira pa mimba. Anabadwa pa masabata angati, sikelo inali bwanji, panali vuto pobadwa, anakhala liti, anakwawa liti, anayenda liti, analankhula liti, kubanja kuli wina yemwe anali chonchi. Adzakufunsani zonsezi ndipo ukakhala pampando paja mutu umabalalika, bola kulemberatu. Musadabwe ngati mwana wanu anayenda pa nthawi yake, ambiri a DCD amatero, vuto limadzaonekera pa zinthu zofuna kuphunzira monga mabatani ndi pensulo.

Pali fomu ya makolo yotchedwa DCDQ, inapangidwa ku Canada, imapezeka ulele pa intaneti. Ili ndi mafunso 15, ndi ya ana a zaka 5 mpaka 15, funso lililonse mumapereka 1 mpaka 5 poyerekeza mwana wanu ndi anzake a msinkhu wake. Siyiuza munthu kuti mwana ali ndi DCD, imangoonetsa ngati pali chifukwa choyezera. Koma kulowa mwa dokotala uli nayo yodzaza kale zimasintha momwe amakumverera. Podzaza musamukomere mtima, ine ndinayamba ndi kuika ma 4 poganiza masiku omwe amachita bwino, kenako ndinafufuta nkuika zomwe zimachitika masiku ambiri.

Aphunzitsi nawo muwapeze. Osati pa geti mothamanga, pemphani nthawi mukhale pansi, muwafunse momwe amalembera poyerekeza ndi anzake, ngati amamaliza kukopera za pa bolodi, ngati amasewera ndi anzake nthawi ya buleki kapena amangoima pambali, momwe amachitira pa masewera. Apempheni alembe ka kalata olo ka theka la tsamba. Mawu a kholo ena amawatenga ngati nkhawa chabe, koma akagwirizana ndi a aphunzitsi amalemera.

Zinthu zinayi zomwe akufufuza

Mukadziwa zomwe madokotala akufuna kutsimikiza, mumadziwanso zoti munene. Buku la madokotala a za maganizo la ku America lotchedwa DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, lili ndi mfundo zinayi ndipo zonse zikuyenera kukwanira. Yoyamba, luso la mwana pa kayendedwe lili pansi kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake komanso mwayi womwe wakhala nawo wophunzira. Yachiwiri, vutoli likusokoneza moyo wake wa tsiku ndi tsiku, kudzisamalira, sukulu, masewera. Yachitatu, linayamba ali wamng'ono. Yachinayi, palibe china chomwe chikufotokoza bwino vutoli, monga kuchepa kwa nzeru, vuto la maso, cerebral palsy (kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo) kapena muscular dystrophy (matenda ofooketsa minofu pang'onopang'ono).

Mwaona kuti yachiwiri ndi yachitatu palibe makina oyezera eti? Zimachokera kwa inu ndi aphunzitsi, ndiye kope lija ndi lomwe likuyankha. Ndipo mawu oti mwayi wophunzira aja musawadumphe. Adzakufunsani ngati mwana anapatsidwa mpata woyesa, chifukwa mwana yemwe sanagwirepo sizasi sangadule bwino olo alibe vuto lililonse. Ine ndinayankha zoona, kuti inde ndimamumangira mabatani, koma ndinayamba kutero titayesa chaka chathunthu tsiku lililonse nkumachedwabe kusukulu. Nenani chimodzimodzi, munayesa nthawi yaitali bwanji, munamuonetsa kangati, mng'ono wake kapena anzake anaphunzira mwachangu bwanji chinthu chomwecho.

Za msinkhu, malangizo a 2019 a bungwe la akatswiri la ku Ulaya lotchedwa European Academy of Childhood Disability amati nthawi zambiri dzina la DCD lisaperekedwe mwana asanakwane zaka 5, chifukwa ana ang'ono amasiyana kwambiri kakulidwe ndipo ena amadzawapeza anzawo okha. Ngati vuto ndi lalikulu zedi akhoza kupereka pa zaka 3 mpaka 5 koma atamuyeza kawiri, motalikirana miyezi itatu kapena kuposa. Ndiye akakuuzani kuti ndi wamng'ono sikuti akukuthamangitsani. Koma musachoke chimanjamanja, funsani kuti tibwere liti, nanga pakadali pano tizichita chani, chifukwa thandizo silidikira dzina.

Mupite kwa ndani

Yambani ndi dokotala wanu wa nthawi zonse mupemphe kalata yopita kwa dokotala wa ana, makamaka woona za kakulidwe ka ana ngati alipo. Nenani mosazungulira, ndikufuna mwanayu ayezedwe DCD, ndabweretsa izi. Nthawi zambiri ntchito imagawidwa pawiri, occupational therapist (katswiri wothandiza pa ntchito za tsiku ndi tsiku monga kuvala ndi kulemba) kapena wa mafizo ndi amene amayeza luso la kayendedwe, ndipo dokotala ndi amene amaona ngati palibe matenda ena nkupereka dzina. Ena amayambira kwa therapist, amalandira lipoti labwino, nkumaganiza kuti zatha, kenako nkupeza kuti lipotilo likungoti zikuoneka ngati DCD. Nde funsiranitu tsiku loyamba kuti womaliza kusaina ndani. Safunsa anadya phula.

Dokotala adzagogoda maondo ndi kahamala kaja, kuona kulimba kwa minofu, kumuyendetsa ndi zala za kumapazi komanso zidendene, kumukhazika pansi kuti adzuke, kuona ngati mfundo za mafupa ake zimapindika mopitirira. Maso ndi makutu ziyezedwe, olo mukuona ngati amaona bwino. Palibe kuyeza magazi kapena sikani yomwe imaonetsa DCD, akakutumizani kumeneko ndiye kuti akufuna kuchotsa kukayikira matenda ena.

Apa ndiime kaye ndinene chinthu chofunika kuposa zonse zomwe ndalemba. DCD siilanda mwana luso lomwe anali nalo kale. Ngati mwana ankathamanga bwino pano akugwa, ankakwera masitepe pano akulephera, mbali imodzi ya thupi ndi yofooka kuposa inzake, podzuka pansi akuchita kugwira maondo ndi ntchafu kudzikweza ndi manja, kapena kudzandira kwabwera limodzi ndi mutu ndi kusanza, musadikire pa mndandanda woyezera DCD, musadzaze fomu, pitani kuchipatala msanga mukanene zimenezo momwe ziliri.

Tsiku loyezedwa

Mayeso odziwika kwambiri ndi Movement ABC, kwa ife anagwiritsa ntchito mtundu wake wachiwiri, wa ana a zaka 3 mpaka 16. Ena amagwiritsa BOT-2. Ya Movement ABC ili ndi ntchito 8 mu magawo atatu, luso la manja, kuponya ndi kuwakha, komanso balansi, ndipo imatenga mphindi 20 mpaka 40. Pa msinkhu wa zaka 7 mpaka 10 anamupatsa timapegi kuti alowetse mu mabowo, chingwe choti alowetse mu kabolodi, kujambula mzere pakati pa mizere iwiri osatuluka, kuponya mpira wa tenesi kukhoma nkuuwakha, kuponya kathumba pa mphasa, kuima ndi mwendo umodzi pa kathabwa, kuyenda pa mzere chidendene chikugunda zala, ndi kudumpha ndi mwendo umodzi.

Pa mpira paja mtima unandiwawa. Amaponya, mpira ukubwerera, manja ake akutseka mpira utamugunda kale pachifuwa, kakhumi konse chimodzimodzi, ndipo nthawi iliyonse ankatembenuka kundiyang'ana. Pakamwa panga panali podzaza ndi yang'ana mpira, tambasula manja, koma ndinaluma mlomo. Inunso musalankhule, musamuthandize ndi maso, ndipo chonde musamuphunzitse ntchito zimenezi kunyumba sabata yoyezedwa ngati mayeso a sukulu. Mukatero akhoza kukwera pang'ono nkudutsa malire, mubwerera kunyumba ndi pepala loti ali bwino pomwe mabatani akumulizabe. Muuzeni kuti akukasewera timasewera kuti aone zomwe zimamuvuta ndi zomwe amatha, palibe kukhoza kapena kulakwa. Agone mokwanira, avale nsapato zothina bwino ndi zovala zomasuka, ngati amavala magalasi musaiwale.

Zotsatira amazipereka mu percentile. Ganizani ana 100 a msinkhu umodzi atafola mzere kuyambira wovutika kwambiri kufika wochita bwino kwambiri. Akakhala pa 16 kutsika ndiye kuti mfundo yoyamba ija ikhoza kukwanira, akakhala pa 5 kutsika vuto ndi loonekeratu. Pemphani manambala a gawo lililonse osati total yokha, chifukwa mwana akhoza kukhala bwino pa balansi koma pansi penipeni pa manja, total nkubisa zimenezo.

Funsaninso za anzake a DCD, chifukwa kawirikawiri siiyenda yokha. Pafupifupi theka la ana a DCD alinso ndi ADHD (vuto losakhazikika ndi kusaika chidwi), ena dyslexia (vuto la kuwerenga), ena vuto la chilankhulo, ena autism (vuto la kulumikizana ndi kucheza ndi anthu), ndipo malamulo a pano amalola kuti mwana akhale ndi mayina awiri. Zimachitikanso mozondoka, mwana amapezeka ndi ADHD kaye ndiye chilichonse amangoti nchifukwa sakhazikika, kayendedwe osayezedwa nkomwe. Ngati ndi mmene zilili kwanu, pemphani kuti ayezedwe padera.

Akati ayi, kapena akakuikani pa mndandanda wautali

Kudikira kumakhalapo, penapake miyezi yambiri. Funsani ngati angakuimbireni wina akalephera kubwera, sungani tsiku lomwe kalata inatumizidwa, imbani foni mwezi uliwonse mwaulemu koma osatopa, kuona maso a nkhono nkudekha. Ngati mukuganiza zopita kwa wa private, funsani kaye ngati sukulu ndi dokotala wanu adzalandire lipoti lake, komanso ngati adzagwiritse mayeso ovomerezeka ngati omwe ndatchulawa.

Akanena kuti si DCD, funsani kuti mwa mfundo zinayi zija ndi iti yomwe sinakwanire, ndipo ngati si DCD ndiye mukuganiza kuti ndi chani. Pemphani yankho lolembedwa. Mwana wolankhula bwino komanso wanzeru mu kalasi amadutsa mosavuta osaonedwa, atsikana ofatsa omwe amangopewa masewera mwakachetechete chimodzimodzi. Kufunsa dokotala wina si mwano.

Dzina likapezeka

Ndinkaganiza kuti ndidzalira ndi chisoni, koma chomwe chinabwera koyamba ndi mpumulo, kenako kudziimba mlandu pokumbukira masiku onse omwe ndinamukalipira kuti afulumire. Zonse ziwiri zimabwera, zilekeni zidutse. Adokotala anatiuza momveka kuti DCD siibwera chifukwa cha kaleredwe.

Mwana muuzeni, musamubisire. Iye anadziwa kalekale kuti ndi wosiyana ndi anzake, chomwe analibe ndi chifukwa chake, ndipo ana akasowa chifukwa amadzipangira chawo choti ndine wopusa. Ife tinamuuza kuti ubongo wako umaganiza bwino kwambiri koma uthenga wopita ku manja ndi miyendo umafuna nthawi ndi pulani, ndipo zili ndi dzina, anthu ambiri ali nazo. Anangofunsa kuti nde si ine waulesi? Ndinati ayi mwanangu, sunakhalepo waulesi.

Lipoti likhale ndi dzina la vuto lolembedwa momveka, manambala, ndi zomwe sukulu ichite. Pangani makopi angapo ndipo chaka chilichonse mukakumane ndi mphunzitsi watsopano sabata zoyambirira, musaganize kuti fayilo yawapeza. Zopempha zake si zovuta, nthawi yoonjezera polemba ndi pa mayeso, kuchepetsa kukopera za pa bolodi pomupatsa zosindikiza kale, kumuchongera zomwe wayankha osati kukongola kwa zolemba, mpando woti mapazi afike pansi, kuphunzira kutaipa pa kompyuta msanga, komanso asamusunge mu kalasi nthawi ya buleki kuti amalize kulemba. Kunyumba nsapato zomata ndi mathalauza a lasitiki si kugonja, ndi kusunga mphamvu zake kuti zikagwire ntchito mu kalasi, mabatani muziphunzira Loweruka popanda wothamangitsa.

Mankhwala a DCD kulibe. Chomwe malangizo a 2019 aja amalimbikitsa ndi kuphunzira ntchito yeniyeni yomwe ikuvuta, kaya kulemba kaya njinga, osati masewera ongolimbitsa thupi poyembekeza kuti mabatani adzatheka okha. Njira imodzi yodziwika ndi CO-OP ya Helene Polatajko ndi Angela Mandich a ku Canada, mwana amasankha yekha zomwe akufuna kudziwa, amapanga pulani, amachita, kenako amacheka ngati pulani yagwira, ikakanika amasintha pulaniyo. Mukamasankha therapist mufunseni kuti tigwira ntchito pa zinthu ziti ndipo tidzadziwa bwanji kuti zikuyenda.

Ine ndinalowa ndi mtima woti ayambe ndi kulemba, iye atafunsidwa anati njinga. Therapist anatenga ya iyeyo. Tinachotsa mapedulo, tinatsitsa chishalo kuti mapazi azifika pansi, ndipo pulani yake yoyamba yomwe anapeza yekha atagwa kangapo inali yoti maso aziyang'ana komwe akupita osati tayala lakutsogolo. Amainena mokweza akukankha ndi mapazi. Mapedulo tinabwezera patatha miyezi iwiri, kulemba tinadzayamba pambuyo pake ndipo tikadali nako.